Kandowa Safuna Kutsala

Uyu ndi Kandowa. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Amathamanga kwambiri. Amakwera mitengo. Amalumpha chingwe mpaka anzake onse atatopa. Koma ali ndi vuto limodzi. Akakwera galimoto, amasanza.

Amasanza m'basi. Amasanza m'minibasi. Amasanza m'kagalimoto kofiira ka bambo ake. N'chifukwa chake sayenda chimanjamanja. Amanyamula ndowa yaing'ono ya pulasitiki. Mkulu wake ndiye anayamba kumutcha Kandowa. Dzinalo linamumata ngati chingamu. Tsopano onse amamutcha choncho, ngakhale aphunzitsi ake.

Kandowa amafuna chinthu chimodzi chokha. Amafuna kupita kutali ngati ana ena.

Lamlungu masana bambo anayala mapu patebulo. Anaitana onse. Amayi anabwera. Mkulu wake wa Kandowa anabwera. Kandowa nayenso anabwera.

"Abwana andipatsa tchuthi," anatero bambo. "Loweruka tikupita kukaona mathithi. Tikagonako masiku atatu."

"Mathithi n'chiyani?" anafunsa Kandowa.

"Ndi mtsinje wogwa kuchokera pamwamba pa phiri," anayankha amayi. "Umagwa ndi phokoso lalikulu. Ukaima pafupi, nkhope imanyowa."

Kandowa anawomba m'manja. Mkulu wake anavina. Banjali linali lisanapitepo kutchuthi chiyambire.

Bambo ake a Kandowa ndi dalaivala wa lole. Amanyamula simenti. Amanyamula zitsulo. Amanyamula chilichonse chimene abwana awauza. Ndi munthu wabwino kwambiri. Koma ali ndi matenda amodzi, matenda a wotchi. Akamadya amayang'ana wotchi. Akamasamba amafunsa nthawi. Kuntchito sanachedwepo ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo nkhani imeneyi amauza aliyense.

Bambo anagogoda mapu ndi chala. "Tinyamuka sikisi koloko," anatero. "Tifika thwelofu koloko. Panjira palibe zoima. Tikanyamuka, tanyamuka!"

Kandowa anayang'ana msewu wa pamapu. Anautsatira ndi chala. Poyamba unali wowongoka. Kenako unayamba kukhota. Khota uku. Khota uko. Khota uku. Khota uko. M'mimba mwake munayamba kutembenuka. Chonsecho anali atangokhala pampando wa m'nyumba.

Amayi anamuona. "Abambo, maola sikisi," anatero. "Mwanayu akwanitsa?"

Bambo anakanda mutu.

Amayi anali ndi chifukwa choopera. Chaka chatha anakwera basi ndi Kandowa. Kandowa anasanza njira yonse. Anasanza mpaka kufooka. Milomo inauma. Anagona m'chipatala masiku awiri. Amayi sanaiwale zimenezo.

"Mwina Kandowa atsale kwa azakhali ake," anatero amayi motsitsa mawu.

"Ayi!" anakuwa Kandowa. "Sindifuna kutsala!"

Azakhali ndi mlongo wawo wa bambo. Ndi telala. Amamukonda Kandowa. Koma kwawo kulibe ana. Kuli makina osokera. Kuli masingano. Kuli mapini. Kuli mawu akuti "usagwire" tsiku lonse. Kulibe mathithi.

Amayi anamupukuta misozi. "Chabwino, tiyese," anatero. "Kwa azakhali si kutali. Tizipitako pagalimoto madzulo aliwonse. Ukafika kamodzi kokha osasanza, Loweruka upita nafe."

"Kamodzi kokha?"

"Kamodzi kokha."

Kandowa ankaidziwa bwino njirayo. Poyamba pali sukulu. Kenako pali mlatho. Kenako pali msika, pamene msewu umazungulira. Kenako pali geti lobiriwira la azakhali. Sukulu, mlatho, msika, geti. Zinthu zinayi zokha. Koma Kandowa anali asanafikepo pageti limenelo ndowa ili youma.

Lolemba amayi anadula ndimu pakati. "Uzinunkhiza," anatero. "Mandimu amathetsa nseru."

Kandowa anakhala kumbuyo. Dzanja lina ndimu. Dzanja lina ndowa. Bambo anayang'ana wotchi.

"Maminitsi khumi ndi asanu tikhala titafika!" anatero.

Vuu! Kagalimoto kanathamanga. Tswii! Kanaima pamaloboti. Vuu! Kanathamanganso. Mutu wa Kandowa unapita kumbuyo. Unabwera kutsogolo. Unapitanso kumbuyo.

Anadutsa sukulu. Kandowa ananunkhiza ndimu. Ananunkhiza ndi mphamvu zake zonse. Malovu anadzaza m'kamwa. Thukuta lozizira linatuluka pamphumi. Mlatho unaoneka patsogolo.

"Ababa, ndikufuna ku..."

Sanamalize. Ndowa inagwira ntchito yake.

Bambo anamva chisoni. Anatembenuza galimoto n'kubwerera kunyumba.

"Pepa, mwana wanga," anatero. "Ndachedwa ndine. Mawa ndithamanga kwambiri. Tifike mimba yako isanazindikire."

Lachiwiri kunabwera mayi wa nyumba yoyandikana. Mayiyu amadziwa mankhwala a chilichonse. Amadziwa ngakhale mankhwala a matenda amene kulibe.

"Mandimu? Mwataya nthawi," anatero. "Mukhazikeni panyuzipepala. Mwana wa mchemwali wanga anachira nazo zimenezi."

"Nyuzipepala ya lero kapena ya dzulo?" anafunsa mkulu wake wa Kandowa.

"Ya dzulo, mwanawe. Ya lero siinakhwime."

Madzulo Kandowa anakhala panyuzipepala ya dzulo. Anakhala mosamala. Sanafune kuikwinya.

"Gwirani zolimba," anatero bambo. "Lero maminitsi khumi basi!"

Vuu! Anadutsa sukulu. Tswii! Vuu! Anadutsa mlatho.

"Tadutsa mlatho!" anakuwa mkulu wake. "Limba mtima, Kandowa! Watsala msika ndi geti!"

Kandowa anatseka pakamwa ndi dzanja. Anameza malovu. Anamezanso. Mumtima anali kunena kuti, mathithi, mathithi, mathithi.

Anafika pamsika. Msewu unazungulira. Kagalimoto kanazungulira mothamanga. Onse anapendekera mbali imodzi. Ndowa inagwera pansi. Kandowa anasanzira panyuzipepala. Anasanzira padiresi lake. Anasanzira pansapato za mkulu wake.

"Iii, Kandowa! Nsapato zanga zatsopano!"

"Pepani, asisi," anatero Kandowa. Anachita manyazi kwambiri. Njira yonse yobwerera sanadzutse mutu.

Lachitatu m'mawa Kandowa anadzuka ndi nzeru yakeyake. Anati mimba ikufunika kuphunzitsidwa. Anaima pabwalo n'kutambasula manja. Anazungulira kasanu. Anazungulira kakhumi. Anagwa pansi. Anadzuka. Sanasanze.

Kenako analowa m'kagalimoto kali chiimire. Anakhala kumbuyo nthawi yaitali. Sanasanze. Anagwedeza mpando. Sanasanze.

Anayang'ana mimba yake. "Iwe mimba," anatero. "Pano uli phee. Mumtengo umakhala phee. Pachingwe umakhala phee. Nanga pamsewu umalusiranji? Ndinakulakwira chiyani?"

Mimba sinayankhe.

Madzulo aliyense anabwera ndi nzeru yake. Paja mutu umodzi susenza denga. Amayi anati asadye kanthu. Kandowa sanadye. Mkulu wake anati amange nsalu m'maso. Kandowa anamanga. Mayi woyandikana uja anabweretsa nyuzipepala zitatu. Ndimu analiponso. Anamukhazika kutsogolo, pafupi ndi bambo.

"Lero ndiye tiuluka," anatero bambo. "Usaope, mwana wanga. Uvutika kanthawi kochepa."

Vuu! Tswii! Vuu! Tswii!

Kandowa sankaona kanthu. Ankangomva dziko likugwedezeka. Mutu unazungulira. Manja anazizira. Sanafike pamsika. Sanafike pamlatho. Sanafike ngakhale pasukulu.

M'mimba munalibe kanthu, koma anasanzabe. Kukhosi kunawawa. Amayi anamumasula nsalu ija. Inali yonyowa ndi misozi.

"Basi," anatero amayi. "Mwana wanga wavutika mokwana. Sitiyesanso."

Bambo anamunyamula kulowa naye m'nyumba. Kandowa anali wofooka ngati kansalu konyowa. Sanafune kumwa tiyi. Sanafune kulankhula ndi munthu.

Lachinayi m'mawa onse anakhala patebulo. Masipuni okha ndiwo ankalira m'makapu.

Bambo anapinda mapu. Anawapinda kawiri. Anawapindanso.

"Ulendo wafa," anatero. "Tonse tikhala pakhomo."

Mkulu wake wa Kandowa anagwetsa sipuni. "Ababa! Ine ndinauza kale anzanga onse!" Anayamba kulira. "Zonsezi chifukwa cha mimba ya munthu mmodzi!"

"Iwe, khala chete!" anatero amayi.

Koma mawu anali atatuluka kale. Kandowa anawamva. Anamulasa mumtima. Anayang'ana mkulu wake akulira. Anayang'ana bambo ake. Tchuthi chimenechi anachidikira zaka zambiri. Anayang'ana amayi ake. Anali atagula kale chipewa cha paulendo.

"Pitani," anatero Kandowa. Mawu ake anali ang'onoang'ono. "Ine nditsala kwa azakhali."

"Ukunena zoona, mwana wanga?" anafunsa amayi.

Kandowa anagwedeza mutu kuvomera.

Masana amayi anayamba kulongedza. Kandowa anakhala pakhomo la khitchini n'kumawerenga. Mbale imodzi, ziwiri, zitatu. Kapu imodzi, ziwiri, zitatu. Thawulo limodzi, awiri, atatu. Anadikira chachinayi. Chachinayi panalibe.

Kenako amayi anatenga kachikwama kena. Anaikamo madiresi awiri. Anaikamo mswachi. Anaikamo juzi. Kachikwamako anakaika padera, pafupi ndi chitseko. Kanali kokhakokha.

Kandowa anapita kuchipinda. Anagona chafufumimba. Analira mpaka pilo ananyowa. Kunena zoona, zinali zomvetsa chisoni. Mwanayu sanabe kanthu. Sanatukwane munthu. Sanajombe kusukulu. Koma ndiye wotsala.

Mkulu wake analowa pang'onopang'ono. Anakhala pabedi.

"Pepa, Kandowa," anatero. "Ndinalankhula zoipa. Ndikakutungira madzi a mathithi m'botolo."

"M'botolo madzi sagwa, asisi," anatero Kandowa. "Sachita phokoso."

Mkulu wake anangogona pambali pake. Analira onse awiri.

Lachisanu linafika. Linali tsiku lopita kwa azakhali. Amayi analawirira kuntchito. Mkulu wake anapita kokaluka tsitsi. Kagalimoto kofiira kanali kwa makaniko, kuti akaone bwino ulendo usanafike.

Bambo anali ndi katundu womaliza woti akatule. Anabwera ndi lole mpaka pakhomo.

"Tiye, mwana wanga," anatero. "Ndikakusiya kwa azakhali ako. Ndi njira yomweyo."

Anamukweza pampando wa m'lole. Anamumanga lamba. Anaika kachikwama kumapazi kwake. Kandowa anafungatira ndowa. Sanatenge ndimu. Sanatenge nyuzipepala. Akanatengeranji? Anali atataya mtima.

Lole inanyamuka. Sinachite vuu. Inangoyamba kuyenda pang'onopang'ono. Maloboti ofiira anaonekera patali. Lole sinachite tswii. Inayamba kuchepetsa liwiro ikadali kutali. Inafika n'kuima mwakachetechete.

Kandowa sanasamale zimenezo. Ankangoyang'ana kutsogolo. Ankaganiza za masiku atatu a masingano ndi mapini.

Anadutsa sukulu. Anafika pamlatho. Pamlathopo pali bampu. Lole inakwera bampuyo mofatsa. Inatsikanso mofatsa. Atawoloka, bambo anaimika lole pambali pa msewu.

"Tsika uwongole miyendo," anatero. "Ine ndione zingwe."

Kandowa anatsika. Kamphepo kanamuwomba kumaso. Anatsatira bambo ake kumbuyo kwa lole. Kunali makatoni ambirimbiri. Katoni iliyonse inali ndi pepala lofiira lomata. Kandowa anawerenga: SAMALANI. MULI MAZIRA.

Bambo anakoka chingwe china. Anakoka chinanso. Anagwira makatoni ndi manja awiri.

"Mazira safuna phuma," anatero. "Ukaponda buleki mwamphamvu, asweka. Ukakhota mothamanga, asweka. Ukapanda kuima n'kuona zingwe, asweka."

"Inu munaswapo, Ababa?"

"Ine? Ndi limodzi lomwe!"

Anakweranso. Anafika pamsika. Msewu unazungulira. Lole inazungulira pang'onopang'ono. Kandowa anaona mayi wogulitsa tomato. Anaona bambo wokonza nsapato. Anaona galu atagona pansi pa benchi. Anadabwa. Msika umenewu anali asanauonepo. Masiku onse ankadutsa pano nkhope ili m'ndowa.

Lole inaima pageti lobiriwira. Azakhali anatuluka, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Wafika, mwana wa achimwene," anatero. "Bweretsa ndowayo ndikutsukire."

Anailandira. Anasuzumiramo. Anaitembenuza. Anasuzumiramonso.

"Iii! Muli mouma gwa!"

Kandowa anayang'ana ndowa. Anayang'ana geti. Anawerenga ndi zala. Sukulu. Mlatho. Msika. Geti.

"Ababa, ndafika!" anakuwa. "Ndafika osasanza!"

Nkhope ya bambo inagwa.

"Ndiye kuti mankhwala ako ndi lole," anatero. "Koma lole ndi ya abwana. Sitingapite nayo kutchuthi. Pepa, mwana wanga."

Chimwemwe cha Kandowa chinathera pomwepo. Misozi inalengeza m'maso. Azakhali anatenga kachikwama n'kuyamba kulowa nako m'nyumba.

Koma Kandowa sanasunthe. Anaima pageti n'kumaganiza. Anaganiza za vuu. Anaganiza za tswii. Anaganiza za bampu wa pamlatho. Mawu amene ankafuna kunena anali olemera.

"Ababa," anatero. "Si lole ayi."

"Nanga n'chiyani?"

"Ndi inuyo. Lero mwayendetsa bwino."

Bambo anatong'ola maso. "Lero? Ine ndimayendetsa bwino masiku onse! Zaka makumi awiri ndili pamsewu! Sindinagundepo ngakhale nkhuku!"

Kandowa anachita mantha. Anayang'ana pansi. Koma anamaliza mawu ake.

"Mazira mumawanyamula pang'onopang'ono, Ababa. Mumawaimira panjira. Mumawaona ngati ali bwino. Ine mumandinyamula ngati simenti."

Azakhali anaphulika kuseka. Anaseka mpaka tepi inagwa pansi.

"Achimwene, mwanayu wanena zoona!" anatero. "Inu n'kale lomwe muli choncho. Mwaiwala mmene munkandigwetsera panjinga? Kuthamanga si kufika, achimwene."

Bambo sanaseke. Anakhala pasitepe ya lole. Anavula chipewa. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ine ndimathamanga kuti usavutike nthawi yaitali," anatero. "Lolemba ndinathamanga. Lachiwiri ndinawonjezera. Lachitatu ndinawonjezeranso. Ndimati ndikukuthandiza. Chonsecho wokudwalitsa ndinali ine."

Maso awo anafiira. Kandowa anali asanawaonepo chotero. Anapita n'kuwagwira dzanja.

"Ndikudziwa kuti mumandikonda, Ababa," anatero.

Bambo anapukuta m'maso ndi chipewa. Anaimirira. Anapita kumbuyo kwa lole. Anamatula pepala lofiira limodzi pakatoni. Anagwada n'kulimata pachifuwa cha Kandowa.

"Achemwali, bwezani kachikwamako," anatero. "Katunduyu sakutsika pano."

Anakatula mazira limodzi. Anabwerera kunyumba limodzi. Ndowa inali youmabe.

Amayi anamva nkhani yonse. Anawerenga pepala la pachifuwa. Koma mantha awo anali asanathe.

"M'lole zatheka," anatero. "Nanga m'kagalimoto? Ndione ndi maso anga."

Madzulo makaniko anabweretsa kagalimoto. Onse anakwera. Bambo ananyamuka mofatsa. Anadutsa sukulu mofatsa. Koma phazi lozolowera silichedwa kuiwala. Pafupi ndi mlatho linayamba kulemera. Kagalimoto kanayamba kuthamanga.

"Mazira, Ababa!" anakuwa Kandowa.

"Eee, pepani, pepani," anatero bambo. Phazi linapepuka.

Anadutsa mlatho. Anazungulira pamsika. Anafika pageti lobiriwira. Azakhali anawabayibitsa pawindo. Anabwerera mpaka kunyumba. Amayi anasuzumira m'ndowa. Analowa m'khitchini n'kutenga mbale ina, kapu ina ndi thawulo lina.

Loweruka ananyamuka sikisi koloko. Kandowa anakhala pakati kumbuyo, poona msewu bwino. Pepala lofiira linali pachifuwa. Mawindo anali otsegula pang'ono.

Ola litatha, bambo anaima pambali pa msewu. "Tione zingwe," anatero. Anatsika n'kukoka lamba wa Kandowa. Anamugwira pamphumi. Anamuyendetsa mpaka pamtengo n'kubwerera. Kenako ananyamukanso.

Ola lina litatha, anaimanso. "Tione zingwe." Ola linanso litatha, anaimanso. "Tione zingwe."

Thwelofu koloko inakwana. Phiri linali lidakali kutali. Bambo anayang'ana wotchi. Anausa moyo. Koma phazi silinalemere.

Kenako msewu unayamba kukwera. Unayamba kukhota. Khota uku. Khota uko. Khota uku. Khota uko. Malovu anadzaza m'kamwa mwa Kandowa. Thukuta lozizira linatuluka pamphumi. Mantha anamugwira. Kodi zonsezi zithera pano?

"Mazira," anatero ndi mawu ofooka.

Bambo anapeza malo otakasuka n'kuima. Kandowa anakhala pamwala. Amayi anamupatsa madzi pang'ono. Mkulu wake anamukupiza ndi chipewa. Anadikira. Anadikirabe. Palibe anamufulumizitsa. Pang'ono ndi pang'ono nseru inatsika.

"Tiyeni," anatero Kandowa.

Kagalimoto kanakwera phiri pang'onopang'ono. Kumbuyo kunali minibasi. Inaliza hutala. Inalizanso. Msewu utawongoka, inawadutsa. Kondakitala anatulutsa mutu pawindo.

"Madala, mukuyenda bwanji chonchi?" anakuwa. "Mwanyamula mazira kodi?"

"Eya!" anayankha bambo. "Mwadziwa bwanji?"

Onse m'kagalimoto anaseka. Kandowa nayenso anaseka.

Folo koloko anamva phokoso. Linali ngati mvula yaikulu padenga la malata. Bambo anaimika galimoto. Anatsika onse. Anayenda pakanjira ka miyala. Anakhota pathanthwe lina. Mathithi anali pamaso pawo.

Madzi ankagwa kuchokera kumwamba kwenikweni. Anali oyera mbee. Ankagwa, ankagwa, osaleka. Kandowa anayandikira. Nkhope inanyowa. Tsitsi linanyowa. Diresi linanyowa. Anatambasula manja n'kukuwa. Mawu ake sanamveke chifukwa cha phokoso. Anakuwanso.

Amayi anamuitana. Anamufunda thawulo. Anamuyang'ana m'maso.

"M'mimba muli bwanji, mwana wanga?" anafunsa.

Kandowa anaika dzanja pamimba. Anamvetsera.

"Mukulira, Amayi."

Amayi anaima njo. Bambo anaima njo. Mkulu wake anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Mukulira njala," anatero Kandowa.

Amayi anaseka. Anaseka misozi ikutsika. Mwana wawo anali atayenda tsiku lonse pagalimoto, ndipo ankafuna chakudya. Anatsegula dengu.

Anakhala onse anayi pathanthwe. Kandowa anadya buledi wake. Anadya nthochi ziwiri. Bambo anamupatsa buledi wawo. Anadyanso. Kenako anayang'ana mbale ya mkulu wake.

"Tenga," anatero mkulu wake. "Idya yense."